Chaka Chimene Bambo Anu Anali Gadi

Tadala, vula chisoticho usanathyoke khosi, mayi ako angandiitanire apolisi. Yamikani, leka kumugogoda pamutu ndi supuni, si poto ameneyo. Mwachitenga kuti? Pansi pa masitepe, kumene ndinati musamalowe? Ana omvera bwanji inu. Chabwino, poti mwachifukula, khalani pansi mumve za mwini wake. Ine ndiyankhula Chichewa, inu muzindiyankha m'Chingerezi chanucho monga mwa masiku onse, ngati ndine kalaliki wa ku khonsolo.

Chisoticho ndi cha bambo anu. Eya, bambo anu omwewo, amene masiku ano amapuma kawiri akamakwera masitepe a nyumba ino. Ali pa yunivesite kuno ku London ankasewera mpira wa ku America. Timu yawo inali ndi dzina la Chingerezi lotanthauza zipembere, dzina loopsa ndithu, ndipo pa zonse za timuyo choopsa chinali dzinalo basi. Musaseke. Kuseka bambo anu ndi ntchito yanga, ndipo chaka chimenecho ndinaigwira mopitirira muyeso, mpaka ndinatsala pang'ono kutaya mwana.

Muyambe mwadziwa kuti ine mpira ndimaudziwa. Osati uwu mumasewera ndi zala pakanemawu, mutakhala pa sofa, n'kumati mwatopa. Kwathu ku Ntcheu tinkamanga mpira wa masanza ndi luzi, n'kumaumenya opanda nsapato mpaka chikhadabo chichoke. Chikachoka unkathirapo dothi n'kupitiriza, panalibe wolemba kalata ya kwa makolo. Nditakhala mphunzitsi ndinkasewera nambala naini m'timu ya aphunzitsi. Mpira wathu unali wachikopa, wa zingwe ngati nsapato, wopopa ndi pampu ya njinga. Ukanyowa ndi mvula, ukaumenya ndi mutu unkaiwala dzina la mayi ako. Nsapato za mpira tinali ndi peyala imodzi anthu awiri: ine yakumanja, mnzanga wamanzere yakumanzere. Popita kukasewera kutali tinkakwera lole ya kachewere, titakhala pamwamba pa matumba, ndipo tikafika tinkayamba tawongola msana kenako n'kumwetsa zigoli. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti pamene ndinkanyoza, ndinkanyoza ndili ndi satifiketi.

Kuno tinabwera chifukwa cha agogo anu aakazi, Nachisale. Iwo ndi amene anaitanidwa ndi chipatala kuti adzagwire unamwino. Ine ndi Madalitso, bambo anuwo, tinabwera ngati katundu wotsatira. Mada anali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ine ndinali mphunzitsi wamkulu wa sukulu yonse, munthu amene ana ankathawa akangomuona patali. Nditafika kuno mapepala anga anawayang'ana mwaulemu kwambiri, n'kundibwezera mwaulemu womwewo. Ntchito imene ndinapeza inali ya ugadi pa sitolo ina yaikulu ku Wembley. Kuima pakhomo tsiku lonse, kuyang'ana anthu amene akufuna kutuluka ndi mafuta onunkhira m'masokosi.

Inu mukuti, ndiye vuto lili pati? Simungamve, munabadwira m'dziko limene wosesa mumsewu amapita kutchuthi pa ndege. Kwathu mlonda ndi munthu amene amakhala pa geti ndi chibonga ndi mbaula. Pa sukulu yanga panali mlonda, ndipo ine ndinkamulalatira akagona. Tsono ine kukhala mlonda kunali ngati kundivula pagulu. Ndinkachoka kuno ku Barking nditavala suti ndi tayi, chikwama chachikopa m'manja. M'chikwamamo munalibe pepala ngakhale limodzi. Munali jekete lachikasu la kuntchito lopindidwa bwino, ndi buledi. Kutchalitchi akandifunsa za ntchito ndinkati ndili ku dipatimenti ya zachitetezo, n'kutsokomola pang'ono kuti aganize kuti ndi zachinsinsi za boma.

Mada atalowa yunivesite anatiuza kuti walowa timu ya futubolo. Ine ndinangomva futubolo basi, mtima wanga n'kuvina. Ngati anatchulapo America, khutu langa linasankha kusamva. Zaka ziwiri zathunthu ndinalengeza ponseponse kuti mwana wanga akumenya mpira pa yunivesite ku Mangalande. Nthawi imeneyo kuimba foni kumudzi kunali kogula kakadi kokanda ndi ndalama yachitsulo, n'kuimba manambala ataliatali, mawu n'kumafika mochedwa ngati akubwera wapansi. Maminiti ochepa amenewo ine ndinkawathera pa mpira wa Mada. Amalume ake ku Ntcheu anayamba kudikira kumuona pa kanema wa ku tiledi senta. Ndinkaona ndithu kuti mwanayo akukula chammbali, khosi likusowa, nkhuku yathunthu akuimaliza yekha, koma ndinkati mwina amuika kumbuyo, otchinga kumbuyo amafunika thupi. Masewera awo ankachitika Lamulungu, ndipo Lamulungu ine ndinkakhala kutchalitchi kapena pa shifiti, choncho ndinali ndisanaonerepo.

Chaka chachitatu, chomaliza, anabwera kunyumba nkhope ikuwala, akuti kochi wamuika m'gulu loyamba, ndipo akufuna ndikamuonere. Ndinavomera. Ndinatenganso a Banda, mkulu wa mpingo wathu uja wobadwira ku mafamu a ku Zimbabwe, amene makolo ake anachokera ku Dedza. Mumawadziwa, amakupatsani maswiti a timbewu aja mumalavulira m'thumba. Ndinawatenga kuti akhale mboni, akafotokoze kutchalitchi. Ndipo anakafotokozadi.

Bwalo lake linali cha kuseri kwa Lewisham, ngati tingalitche bwalo. Linali dimba la matope lokhala ndi mitengo iwiri yaitali mbali iliyonse. Oonerera tinalipo ife awiri, atsikana angapo ozizidwa, ndi bambo wina amene ankangoyendetsa galu wake. Kenako kunatulukira anthu ovala zisoti, mapewa otupa, mabuluku othina osafika n'komwe m'akakolo. A Banda anandifunsa ngati tasochera. Ndisanayankhe, chimodzi mwa zinthuzo chinandibayibitsa.

Ana inu, ndakhalapo pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi yotha maola asanu, koma sindinaonepo anthu okonda misonkhano ngati osewera mpira umenewu. Amagundanitsa mitu n'kukambirana. Akatha amaima pamzere, n'kuwerama, kuloza oonerera matako. Wina amakuwa manambala. Onse amagwerana mulu umodzi. Wezulo amalira. Amadzuka n'kukachitanso msonkhano, kaya wokambirana chimene chawagwetsa. Mpira wake ndi wosongoka uku ndi uku ngati papaya, ndipo ngakhale amautcha mpira wa miyendo, amaunyamula m'khwapa ngati nkhuku yakuba. Oimbira analipo anayi kapena asanu, onse ovala mizeremizere, ndipo akakwiya sankatulutsa kadi, ankaponya kansalu kachikasu pansi ngati mwana wokana kusamba. Ine maso anga anali pa mpira, kudikira kuti ufike kwa mwana wanga. Maola atatu anatha. Mada sanaukhudze ngakhale ndi chigongono. Zipembere zinaluza, ndipo a Banda anati mwina ndi mwambo wawo kulemekeza alendo.

Madzulo ake agogo anu anali ataphika mpunga ndi nkhuku, ataitananso mabanja awiri a kutchalitchi kuti tisangalalire limodzi katswiri wathu. Tili patebulo, a Banda anamufunsa Mada mwaulemu kuti kodi iyeyo amasewera nambala yanji, poti mpira sunamupeze tsiku lonse. Mada anafotokoza m'Chingerezi kuti pamalo pake saloledwa n'komwe kuulandira mpirawo. Ntchito yake ndi kuima kutsogolo kwa mnzake woponya mpira, kutchinga kuti adani asamufikire. Kenako anandiyang'ana, n'kuyesa Chichewa. Mudziwe kuti nthawi imeneyo Chichewa chake chinali chitayamba kuthawa ngati chanuchi, ndipo ankachitulutsa pa zinthu zofunika zokha.

"Ndine gadi," anatero. "Ngati inuyo, adadi."

Ndinamva foloko ya mayi wina ikugunda mbale. Chinsinsi changa cha zaka khumi chinali pakati pa tebulo, pambali pa nkhuku. Mwanayo anali akumwetulira, ndipo ine kumwetulirako ndinakuona ngati chipongwe. Lilime, mukudziwa, lilibe fupa.

"Tamvani a Banda," ndinatero ndikuseka. "Anthu amatumiza ana ku yunivesite kuti akakhale madokotala. Wanga wapita kukaphunzira kuima ngati chitseko. Thupi lonseli, chakudya chonsechi, mpira osaugwira, Chichewa chomwe osachigwira. Ukamaliza digiri yako ya ulondayo undiuze, ndikugulire chibonga."

Alendo anaseka, chifukwa mwini nyumba akaseka mlendo amaseka. Mada sanaseke. Anamaliza mpunga wake, anatsuka mbale yake, anatsanzika alendo mmodzimmodzi mwaulemu, n'kutenga chikwama chake. Ine ndinagona ndikudzimva kuti ndapambana, ndateteza ulemu wanga. Nzeru za mphunzitsi wamkulu zimenezo.

Kuyambira pamenepo anasiya kubwera kunyumba. Kale ankabwera Loweruka lililonse ndi thumba la zovala zakuda ndi njala ya anthu atatu. Tsopano zovala ankachapa yekha, chinthu chimene ndinkachipempherera kwa zaka zambiri, koma chitachitika sichinandikomere. Foni ankaimbira mayi ake. Ndikayankha ine, ankandipatsa moni wa m'Chingerezi ngati wa kubanki, n'kufunsa ngati mayi alipo. Pa Khirisimasi anabwera, anandipatsa masokosi, anayankha mafunso anga onse ndi yesi kapena no. Chichewa anachitsekera. Ngakhale mawu oti adadi anasowa, ndinasanduka Dad wouma.

Nkhani za Zipembere ndinkazimvera kwa agogo anu, ndikunamizira kuwerenga nyuzipepala. Anapita kumpoto kwa mzinda, analuza. Anapita kunyanja kumwera, analuza, ndipo basi yawo inafera panjira. Kunagwa chisanu choundana, masewera anaimitsidwa, ndipo sabata imeneyo sanaluze. Kenako kunabwera uthenga wachimwemwe kuti apambana. Nditafufuza ndinapeza kuti timu inayo sinabwere, osewera ake anali ochepa. Ndinati kwa agogo anu, mwaona, njira yawo yopambanira yapezeka, azingopemphera kuti anzawo adwale. Iwo sanaseke. M'nyumba muno nthabwala zanga zinali zitayamba kuluza ngati Zipembere zomwe.

Tsiku lina ndikusita jekete langa lachikasu mobisa, chitseko chotseka ngati ndikuphika kachasu, agogo anu analowa. Inu mumawadziwa ngati munthu wa makeke ndi nyimbo za kwaya. Simunawaone atachokera ku wodi, mapazi atatupa, mtima utadzaza. Anandifunsa kuti kodi ndikubisira ndani. Anati mpingo wonse unadziwa kalekale. A Banda anandiona pakhomo la sitolo chaka choyamba chomwe, n'kuwoloka msewu kuti ndisachite manyazi. Amayi a kwaya ankazungulira kukagula kwina pofuna kundisungira ulemu. Zaka khumi anthu akuvutika kuyenda mitunda italiitali kuti bwana wa dipatimenti ya zachitetezo asaonekere.

"Munthu mmodzi yekha ndi amene sankachita nanu manyazi," anatero, "ndipo ndi amene munamuseka. Wapeza ntchito kumpoto, ku Leeds. Akamaliza mayeso akupita. Akapita mmene zililimu, musadzandifunse chifukwa chake sabwera."

Ndinayesa kuyankha kuti mwana ndi amene amapepesa kwa bambo, si bambo kwa mwana. Anati chabwino, ndikhale ndi mwambo wangawo, uzidzandiyendera ndikadzakalamba. Anandiuzanso kuti masewera omaliza a chaka ali Lamulungu likudzalo, pa dimba lomwe lija, ndipo iwo ali pa ntchito. Sanandiuze kuti ndipite. Anangolemba nthawi pakapepala n'kukamata pa firiji, pamene ndinkakaona nthawi iliyonse ndikafuna mkaka. Ndikuuzeni zoona, ndinachita mantha. Osati mantha a mlonda akamva phokoso kuseri, koma oti ndidzakalamba ndili ndi mwana amene amanditumizira masokosi pa positi.

Lamulungulo ndinali ndi shifiti ya m'mawa, yolondera katundu akamatsitsidwa sitolo isanatsegulidwe. Nditaweruka ndinavala suti yanga, jekete m'chikwama, n'kudutsa mzinda wonse pa sitima ndi pa basi. Maganizo anga anali oti ndikaima patali, kuseri kwa mtengo, ndione ngati mtima undilola kuyandikira. Koma mvula ya kuno ilibe ulemu ndi mapulani a munthu. Nditangotsika basi inayamba, ya m'mbali ija, ndipo ambulera yanga inatembenuka n'kufa. Ndinaima kwa mphindi zingapo suti ikunyowa. Kenako ndinatsegula chikwama, ndinatulutsa jekete lachikasu, n'kulivala pagulu koyamba m'moyo wanga kunja kwa Wembley. Ndinakokera chipewa chake kumaso kuti ndisadziwike, ngati munthu angabisale atavala chinthu chimene anachipanga kuti chizioneka pa mtunda wa kilomita.

Sindinafike n'komwe pamtengo paja. Mmodzi wa oimbira, mzungu wachikulire wa ndevu, anandithamangira akuthokoza Mulungu kuti ndafika. Ataona jekete anaganiza kuti ndine wa pabwalopo. Ndisanatsegule pakamwa anali atandipatsa ndodo yaitali yokhala ndi manambala pamwamba. Anandifotokozera mwachangu. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti iyende mayadi khumi. Anthu awiri amagwira tcheni choyezera mayadiwo m'mbali mwa bwalo. Wachitatu, amene ndi ine, amaima molunjika pamene pali mpira, n'kumatembenuza nambala: wani, thu, fili, folo. Anandichenjeza kuti wogwira ndodo sachemerera timu iliyonse. Ndinamuuza kuti asadandaule, timu imeneyi ndinaionapo, palibe choopsa choti ndingachemerere.

Tsono tamverani, chifukwa apa ndi pamene mphunzitsi analowa sitandade wani. Ukaima ndi ndodo ija umaima pamzere weniweni pamene anthu aja amawerama. Mpira ukachoka, iwe suchoka mpaka akuuze. Kufuna kusafuna, maso ako amakhala pa anthu a pamzerewo. Ndipo pafupi ndi pakati pa mzerewo panali mwana wanga, zala zokulungidwa ndi pulasitala, mpweya ukutuluka m'chisoti ngati utsi. Moyang'anana naye panali chimunthu cha timu inayo, chachikulu ngati firiji ya m'sitolo. Kumbuyo kwa Mada kunali woponya mpira wawo, wowonda ngati bango, amene mayi ake anali ataima kumbuyo kwanga ndi ambulera, akupemphera mokweza.

Manambala akangokuwidwa firiji ija inkanyamuka ndi mphamvu zake zonse kufuna kukathyola bango lija, ndipo inkakumana ndi Mada. Phokoso lake ndinkalimva m'mano. Mada ankabwerera m'mbuyo phazi limodzi, awiri, mapazi akulima matope, koma osachoka panjira. Mpira unkaponyedwa, wina kutsogolo n'kuugwetsa monga mwa mwambo wa Zipembere, anthu onse n'kuyang'ana kumeneko. Palibe amene ankayang'ana Mada akudzuka m'matope, akupukuta magazi pamphuno, akubwerera pamzere kukayambiranso. Ndinatembenuza wani, thu, fili, folo, kambirimbiri, ndipo nthawi iliyonse zinali zomwezo. Malaya a woponya uja anali oyera ndithu pamene anzake onse anali ngati atuluka m'dambo.

Ntchito imeneyo ndinaizindikira. Ndinali nditaigwira zaka khumi. Mlonda akagwira bwino ntchito palibe chimachitika, ndipo poti palibe chachitika palibe amamuona. Amadziwika tsiku limene kanthu kabedwa. Mwana uja patebulo paja sankandinyoza ayi. Anali ataona bambo ake akudzuka mdima usanathe, akubwera miyendo itauma, osadandaula, ndipo anaganiza kuti chimenecho ndi chinthu chonyadira. Ndinachita manyazi, ana inu, manyazi enieni, oposa onse amene ndinkawathawa ndi suti yanga. Zinathandiza kuti kunali mvula, nkhope za anthu onse zinali zonyowa.

Chodabwitsa n'chakuti tsiku limenelo Zipembere sizinkaluza kwambiri. Matope anali atalemetsa timu zonse mofanana. Kutatsala mphindi zochepa anali otsalira pang'ono, mpira uli kwa iwo, nambala pa ndodo yanga ili folo, mwayi womaliza. Mayi uja kumbuyo kwanga anali atasiya Chingerezi, akupemphera m'chiyankhulo cha kwawo. Anawerama. Manambala anakuwidwa. Firiji ija, itatopa ndi kugunda khoma tsiku lonse, inachita nzeru: inanamizira kupita kumanja n'kuzembera kumanzere. Ndinaona phewa lake likudutsa Mada. Ndinaiwala ndodo, ndinaiwala mzungu wandevu, ndinakuwa ndi mawu anga a pa asembule, amene ankamveka mpaka kuseri kwa zimbudzi za sukulu.

"Mugwire ameneyo, Mada! Mugwire!"

Ndipo mwana womvera uja, amene miyezi inayi anali asakumva Chichewa, anatambasula dzanja n'kuigwira firijiyo malaya. Anaigwira bwino kwambiri, mmene umagwirira mbuzi yothawa. Woponya anaponya. Kutsogolo munthu wina, mwa chisomo cha Mulungu, anauwakha osaugwetsa, n'kuthamanga nawo mpaka kumapeto. Zipembere zinalumpha, atsikana ozizidwa aja anakuwa, mayi uja anandikumbatira ndi ambulera yomwe. Kenako tonse tinaona kansalu kachikasu kali gone m'matope, pafupi ndi mapazi a mwana wanga.

M'mpira umenewu, ana inu, gadi saloledwa kugwira munthu. Kukankha akankhe, kugunda agunde, koma kugwira malaya ndi mlandu. Chigoli chinafafanizidwa. Anawabweza m'mbuyo mayadi khumi, ndipo amene anayenda mayadi khumiwo atanyamula ndodo, pamaso pa anthu onse, ndi ine. Pamene ndinkayenda, chisoti cha Mada chinkatembenuka pang'onopang'ono kunditsatira. Anandiyang'ana kuyambira ku jekete mpaka ku nsapato. Zipembere zinayesanso kachiwiri, mpira unagwa pansi, wezulo womaliza analira. Chaka chonse anyamata amenewo anali ndi mwayi umodzi wopambana timu imene yabweradi, ndipo katswiri wa mpira wa ku Ntcheu anawalanda.

Ndinabweza ndodo. Mzungu wandevu anandifunsa kuti ndinakuwa chiyani, ndinamuuza kuti linali pemphero. Ndinafuna kuthawa, basi inali pafupi. Koma miyendo yanga inazolowera kuima pamalo amodzi, choncho ndinaima pa geti mpaka anatuluka, tsitsi lonyowa, chikwama chachikulu paphewa, mlomo wotupa. Anzake anamusisita pamsana n'kupita. Tinatsala awiri. Anandiuza m'Chingerezi, osakweza mawu, kuti Dad, gadi saloledwa kugwira. Ndinati ndamva tsopano. Ndinamuuza kuti ifenso kuntchito satilola kugwira wakuba, timangoima patsogolo pake n'kumupempha mwaulemu kuti abweze mafuta onunkhira. Ndinaona pakona pa mlomo wotupawo pakugwedezeka, koma anadziletsa kuseka.

Mawu opepesa ndinali nditawakonza pa sitima, ndime zitatu, zoyambira bwino ndi zomaliza bwino. Onse anathawa. Chimene chinatuluka ndi chimene bambo anga ankanena kwa munthu wamkulu mnzawo akagwira ntchito yooneka, kumutchula ndi chiwongo chake. Ndinavula chipewa cha jekete, mvula ikundimenya padazi.

"Mwalonda bwino, a Nyoni. Ndakuonani. Zikomo."

Ndinali ndisanamutchulepo kuti "inu" chibadwire chake. Ana inu simungadziwe kulemera kwa kaliwu kameneko, mumatcha aliyense yu, kuyambira mfumu mpaka mphaka. Iye anadziwa. Kenako anatsitsa chikwama chake chija n'kundipatsa kuti ndinyamule, cholemera ngati muli mtembo, ndipo ndinachinyamula mosangalala. Sanapite kumene ankagona ndi anzake. Anangoyamba kuyenda kulowera ku siteshoni, ine pambuyo.

Tinasintha sitima kawiri osayankhulana. Titakwera yomaliza, ya njanji ya District yodutsa kuno ku Barking, tinapeza mipando iwiri yoyandikana, iye n'kutenga umodzi ndi theka. Ndinali ndidakali m'jekete langa lachikasu, ndipo moyang'anana nafe munakhala mayi wina wa ku kwaya amene anayesetsa kwambiri kuwerenga chikwangwani cha pamwamba pa mutu wanga. Ndinamupatsa moni ine ndemwe, mokweza. Titadutsa West Ham, Mada anapumira m'mwamba.

"Ndatopa, adadi," anatero.

Mawu awiri okha, ndipo katchulidwe kake kanali koipa monga kale. Sindinakonze. Mutu wake unatsamira paphewa langa, mutu wolemera ngati mwala wa mphero, ndipo tisanafike East Ham anali akuliza mkonono. Sitima inaima pa Barking. Zitseko zinatseguka, mayi wa kwaya anatsika akundikodola kuti tafika. Ndinayang'ana zitsekozo mpaka zinatsekeka. Dzanja langa linali litachita dzanzi, chikhodzodzo chikundikumbutsa tiyi wa m'mawa, agogo anu akudikira ndi chakudya. Tinadutsa Upney, Becontree, Dagenham, masiteshoni amene ndinkangowaona pa mapu. Sindinasunthe ngakhale phewa mpaka ku Upminster, kumene njanji imathera, ndipo kumeneko wogwira ntchito wina anabwera kudzatiuza kuti titsike. Ndinaika chala pakamwa panga. Anayang'ana jekete langa, anayang'ana chimwana chogonacho, n'kutisiya kuti tibwerere nayo sitima yomweyo.

Akabwera kudzakutengani madzulo ano mumufunse. Adzakana, adzati ankangopumitsa maso. Anagona ameneyo, ndipo anandinyowetsa phewa lonse ndi dovu.